Queen Walembedwa

1. Satifiketi ya pansi pa matiresi

Pa malayini a esiteti ya tiyi ya Mwalawanjiwa, ku Thyolo, panalibe amene sankamudziwa Queen. Anali mwana mmodzi yekhayo wa a Esnat, mayi amene anathyola tiyi pa esitetiyo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Queen anakhoza mayeso a Fomu 4 ndi mapointi 24. Satifiketi yake anaikulunga m'pulasitiki n'kuiika pansi pa matiresi, ndipo inakhala pamenepo zaka ziwiri. M'nyumba monsemo, satifiketiyo ndi imene inkagona tulo tabwino.

Sikuti mtsikanayu ankangokhala manja lende ayi. Makalata ofunsira ntchito analemba mpaka dzanja kuwawa. Ena anapita ku Limbe, ena ku Thyolo Boma, koma yankho linali zii. Kalata ina anakaipereka pamanja kwa mwini golosale ku Luchenza. Patatha mlungu anapitako kukagula mchere, ndipo anamukulungira m'kalata yake yomweyo. Kalata inapeza ntchito, mwini wake ayi.

Tsono chaka chimenecho msana wa a Esnat unakana. Adokotala a pa kiliniki ya kampani anawauza kuti dengu la tiyi asadzaberekenso. Apa m'pamene panagona nkhani, chifukwa lamulo la pa esiteti aliyense ankalidziwa: nyumba ya kampani ndi ya munthu amene dzina lake lili m'buku la kampani. Dzina likatuluka m'buku, katundu amatuluka m'nyumba. A Esnat anabadwira pa malayini pomwepo. Analibe mudzi woti n'kubwererako, analibe ngakhale kamunda kodzala nandolo.

Choncho anapita kukagwada kwa a Blackson, kapitawo wa gulu lawo, ndipo a Blackson anawamvera chisoni.

"Mvula yayamba, tiyi waphuka," anatero a kapitawo. "Lolemba tikulemba anthu a sizoni. Mwana wanuyo abwere ndi dengu lanu lomwelo, ndimulemba m'malo mwanu kuti nyumba musatulukemo. Koma abwere yekha, ndimuone ndi maso. Wezulo ya 12 koloko ikangolira ku fakitale, buku ndikutseka."

2. Ngongole ya khanda

Lamulungu masana kunabwera a Jonas, mchimwene wawo wa a Esnat, amene anali mlonda wa pa geti la fakitale. Bambowa sankayenda opanda wailesi. Inali yakalekale, yomanga ndi mphira pakati, koma nkhani za dziko ankazidziwa ngati kuti nduna zimawapatsa lipoti.

"Mwamva, achemwali?" anayamba choncho asanakhale n'komwe pansi. "Akuti ngongole ya dziko lino yafika m'khosi. Ati akaigawa kwa tonse, aliyense ali ndi gawo lake, ngakhale khanda limene labadwa m'mawa uno."

"Ngongole yake iti?" anafunsa a Esnat ali chigonere pamphasa. "Ine chaka chino chimene ndinabwereka ndi sefa ya a Lilly oyandikana nafewa, ndipo ndinabweza tsiku lomwelo."

"Anakubwerekerani. Mesa inu munali bize kuthyola tiyi? Anthu aulemu aja sanafune kukusokonezani."

A Esnat anaseka mpaka msana unawakumbutsa kuti ulipo.

Nthawi yonseyi Queen anali pakona ya khonde, akusita bulauzi yoyera ya mayi ake, ija ankavala popita ku tchalitchi. A Jonas anamuyang'ana, anayang'ananso bulauziyo.

"Iwe Queen, kumunda wa tiyi masiku ano akupita ndi zositasita?"

Queen anaika simbi pansi. "Amalume, ine sindinaphunzire kuti ndikathyole tiyi. Mawa a Crispin akulemba achinyamata faifi handiredi ku Luchenza. Wandiuza Raphael, uja tinali naye kalasi imodzi. Pano ndi amene amawagwirira buku."

A Crispin anali mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri amene ankalimbirana mpando wa phungu pa chisankho chachibwereza cha m'deralo. Ankaima paokha opanda chipani, ndipo chizindikiro chawo chinali wilibala, moti anthu ankangowatcha a Wilibala.

A Jonas anazimitsa wailesi. Zimenezi ankachita pa maliro pokha.

"Mwana wa mlongo wanga, tchera khutu," anatero. "Ine zisankho ndaziona zambiri, ndipo matisheti ake ndi amene ndimakhalira ku geti kuja benchi ikamawawa. Boma lenilenilo, lokhala ndi nduna ndi magalimoto a mbendera, likubwereka ndalama kuti libweze zimene linabwereka kale. Aphunzitsi amene anamaliza kozi ali pakhomo. Manesi ali pakhomo. Ndiye munthu mmodzi wa wilibala alembe anthu faifi handiredi, aziwalipira ndi chiyani? Ndi mchenga?

"Ukudziwa chifukwa chake tsiku la mawa timaliti Lolemba? Agogo anga ankati atawoloka kuchokera ku Mozambiki, limeneli ndi tsiku limene ankaima pamzere m'maesiteti muno kuti awalembe. Anthu amenewo sanapite kusukulu, koma ankadziwa kufunsa mafunso atatu. Ntchito yake ndi yotani? Malipiro ake ndi otani? Nanga wolipira ndani? Munthu amene sakuyankha mafunso atatu amenewa sakukulemba ntchito, akungoyesa bolopeni ngati ikulemba.

"Sindikuti dengu ndi lokoma. Taona msana wa mayi akowo. Koma dengu limeneli ndi limene linakugulira yunifomu, ndipo lero ndi limene lagwira denga la nyumba ino. Lowa kaye, zinazo uzizifuna uli ndi pogona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo."

"Mwanangu, ndinagwada kwa a kapitawo ndi msana wowawawu," anawonjezera a Esnat motsitsa mawu. "Ndili ndi mantha, Queen. Tikatuluka muno sindikudziwa kolowera."

"Ndamva, amayi. Ndamva, amalume," anayankha Queen mwaulemu wonse. Koma bulauzi ija anamaliza kuisita, manja ake onse awiri.

3. Pa mphambano

Lolemba m'mawa Queen anatuluka m'nyumba atabereka dengu, atadzikulunga chitenje chakale mpaka m'khosi. A Esnat anamuperekeza ndi maso, mtima uli m'malo. Sanadziwe kuti mkati mwa chitenjemo munali bulauzi yawo, ndipo m'dengumo munali satifiketi ndi nsapato zazitali zimene Queen anabwereka kwa a Lilly, oyandikana nawo nyumba.

Kumapeto kwa malayini kuli mphambano pamene pali mitengo ya bulugamu. Njira ina imatsikira ku shedi ya a kapitawo, ina imakwera kupita ku msewu wa tala. Queen anaima pamenepo. Kumunsi kuja mzere wa anthu ofuna kulembedwa unali utayamba kale kutalika.

Masamu ake anali osavuta. Akafike ku Luchenza 8 koloko, aone mmene zinthu zilili, zikakanika abwerere isanakwane 12. Anaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Dengu analibisa pansi pa tchire la tiyi, chitenje n'kuponya momwemo. Nsapato za a Lilly zinali zazing'ono, koma anazikakamiza mpaka zinavomera. Kenako anakwera mtunda akuyenda ngati nkhuku yoponda pamoto.

Pa msewu anapeza Asumani, wa kabaza wodziwika pa siteji imeneyo, akupopa tayala la njinga yake.

"Asisi, mwatchena chonchi, kuli ukwati Lolemba?"

"Ndikukayamba ntchito ku Luchenza."

"Kwa a Wilibala eti? Mwakwana anayi amene ndanyamula m'mawa uno. Kwerani. Kampeni imeneyi amene yatilembadi ntchito ndi ife a kabaza."

Queen sanaseke. Anakhala pa keriyala atakumbatira satifiketi yake, ndipo njinga inayamba kutsetsereka pakati pa minda ya tiyi.

4. Nambala 317

Pa bwalo la pafupi ndi msika wa Luchenza panali anthu ngati pa tsiku logawa feteleza. Anyamata anabwera atamanga mataye, atsikana atanyamula maenivelopu a khaki. Kutsogolo kwa Queen kunaima bambo wina wamtali amene ankauza aliyense kuti ali ndi dipuloma ya zaulimi, ndipo wakhala nayo pakhomo zaka zinayi.

Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Pamene Queen amafika pa tebulo n'kuti 9 koloko itadutsa. Raphael anakhala pamenepo ndi buku lalikulu lachikuto cholimba, atavala magalasi akuda ngakhale kunja kunali mitambo.

"Sisi Queen! Wachita bwino kubwera. Dzina ndikulidziwa. Tandipatsa nambala ya foni ndi nambala ya chiphaso chovotera."

Queen anapereka zonse, kenako anatulutsa satifiketi m'pulasitiki muja.

"Bweza, bweza," anatero Raphael. "Bwana safuna mapepala. Amakhulupirira anthu."

Munthu wochenjera akanadabwa pamenepa. Koma mafunso atatu a amalume aja anali atatsala pansi pa tchire la tiyi, pamodzi ndi dengu.

"Ndimayesa uli kwa a kapitawo lero," anapitiriza Raphael uku akulemba. "Ndamva kuti nawonso akulemba."

"Ine sindinaphunzire kuti ndikathyole tiyi," anayankha Queen mokweza, kuti a dipuloma aja amvenso.

Raphael anavula magalasi. "Aise, mawu amenewo ndi moto! Tabwereza." Queen anabwereza monyadira. Raphael anawalemba pa kapepala n'kupatsira bambo wina amene anali kuseri kwa tebulo ndi chitini cha penti.

"Basi, ndakulemba. Nambala 317."

"Ndalembedwa?"

"Mesa ukuona wekha dzina lakoli?"

Linalipodi, lolembedwa ndi inki yabuluu. Zaka ziwiri akudikira mawu amenewa! Queen anapita pambali n'kuimba foni ya a Jonas, poti mayi ake analibe foni. Mwamwayi amalumewo anali atawerukira kwa mlongo wawo.

"Amalume, apatseni amayi! Amayi, ndalembedwa! Ndili ku Luchenza kwa a Crispin. Ndalembedwa, amayi, osati za madenguzo!"

Chapatali anamva mawu a a Jonas akukuwa kuti, "Mufunseni walembedwa pati!" Koma mayunitsi anathera pomwepo.

Zimene zinachitika pa malayini, anthu amakambabe mpaka lero. A Esnat anaiwala kuti mwana wawanamiza, anaiwalanso kuti ali ndi msana. Analulutira, anatenga ndodo, ulendo wa ku shedi, a Jonas akuwaletsa pambuyo koma osamveka.

"A kapitawo," anatero pamaso pa mzere wonse, "malo aja patsani wina wovutika. Mwana wanga walembedwa ya mu ofesi. Masana mubwere kwathu mudzadye nkhuku."

A Blackson anangoti, "Nkhukuyo ndibwera."

5. Ntchito iyamba

Ku Luchenza kunafika lole yodzaza matisheti ndi zikwangwani zokhomera pa timitengo.

"Olembedwa nonse, imani mizere itatu!" anakuwa Raphael pa chimkuzamawu. "Sisi Queen, iwe watchena, bwera kutsogolo."

Anamuveka tisheti ya wilibala paphewa, wina n'kumupatsira chikwangwani chochokera kumbuyo, penti yake isanaume. Anamuuza kuti achikweze m'mwamba, chiyang'ane kutsogolo. Queen sanachiwerenge n'komwe. Maso ake anali pa nyumba za m'mbali mwa msewu, kufuna kuona kuti ofesi yake ikhala iti.

Anazungulira msika kawiri akuimba nyimbo yotamanda wilibala. Anthu ankawajambula ndi mafoni. Nsapato za a Lilly zinayamba kubweza chipongwe, moti pofikanso pa bwalo zala za Queen zinali zitasiya kulankhulana.

Kenako a Crispin anafika atakwera kumbuyo kwa galimoto, pamodzi ndi wilibala yeniyeni yopaka penti yofiira. Anali bambo wonenepa bwino, wa mawu okoma ngati wolengeza za maliro pa wailesi.

"Achinyamata anga!" anayamba. "Akuti dziko lili pa ngongole. Akuti mafuta kulibe, shuga wakwera, ntchito zasowa. Ine ndikuti ngongole imeneyo ndidzaikweza pa wilibala iyi, ndikaikhuthulire mumtsinje wa Thuchila!"

Anthu anawomba m'manja. Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa mnzake kuti nanga anthu akumunsi kwa mtsinjewo alakwa chiyani.

Bambo wa dipuloma uja anakweza mkono ngati ali m'kalasi. "Bwana, pepani. Ntchito tiyamba liti?"

"Mwayamba kale!" anayankha a Crispin akumwetulira. "Kuimba mwaimbaku si ntchito? Zinazo zibwera mukandivotera. Ndikangolowa m'Nyumba ya Malamulo, ndidzaimirira n'kufunsa boma kuti ntchito za ana anga zili kuti."

"Kufunsako ngakhale ife timafunsa, bwana," anatero a dipuloma, koma ng'oma zinali zitayamba kale kulira.

Apa m'pamene mafunso atatu aja anamupeza Queen. Anadutsa pakati pa anthu mpaka anamugwira Raphael mkono.

"Raphael, ntchito yake ndi yotani?"

"Ndi imene wagwirayi, sisi."

"Malipiro ake?"

Raphael anapisa m'katoni n'kumupatsa banzi limodzi ndi botolo la chakumwa chofunda.

"Nanga wolipira ndani?"

"Sisi, usandipanikize. Ine ndinati akulemba achinyamata. Mawu oti ntchito unawonjezera wekha. Bukuli bwana akalionetsa kwa anthu amene amawathandiza pa kampeni, aone kuti ali ndi gulu. Ineyo mwezi uno ndi wachitatu ndikulemba anzanga, koma mwiniwakene sindinalembedwe."

Queen anayang'ana nthawi pa foni. Inali 11:25. Chikwangwani chija anachiponya pansi chafufumimba, n'kuyamba kuthamanga.

6. Wezulo

Queen anamupeza Asumani pa siteji ya njinga ya ku Luchenza komweko akudya chinangwa.

"Mwaweruka kale, asisi? Ntchito yabwino imeneyo."

"Achimwene, chonde, ndikafike ku shedi ya a Blackson isanakwane 12. Tikachedwa, amayi anga atulutsidwa m'nyumba."

Asumani anaona nkhope yake ndipo nthabwala zinathera pomwepo. Anaponya chinangwa m'thumba, n'kupalasa ngati akuthawa ndi njinga yakuba. Koma njira imene potsika inali yokoma, pobwerera inali chitunda chokhachokha. Pa mtunda wachiwiri tcheni chinagwa.

Anachibwezeretsa msangamsanga, manja onse bii ndi girisi. Queen anamupatsa tisheti ya wilibala ija kuti apukutire.

"Zikomo. Ndili nawo kale anayi a anthu osiyanasiyana," anatero Asumani. "Amapukuta bwino onse, sasankha chipani."

Tisheti nayo inapeza ntchito.

Atafika pa msewu wolowera ku esiteti, Queen analipira, anavula nsapato za a Lilly n'kuzigwira m'manja, ndipo anadutsa chothamanga m'mizere ya tiyi. Nthambi zonyowa zinkamukwapula, bulauzi yoyera ija n'kusanduka yamawangamawanga. Anafika pa mphambano, anasolola dengu pansi pa tchire paja. Akuti aliponye kumsana, wezulo ya ku fakitale inalira.

Anatsikabe mpaka ku shedi. Anapeza benchi yokha ndi makoko a nthochi. Mzere unali utatha, a kapitawo atachoka ndi buku lawo. Queen anakhala pa benchipo n'kulira, kulira kwenikweni kwa mwana amene wadziwa kuti walakwa yekha popanda womunamizira.

7. Nkhuku ya chikondwerero

Akuyandikira kunyumba anamva fungo la nkhuku yokazinga ndi nthungululu. Amayi a pa malayini anali atadzaza pakhomo, ena akuponda sitepe za tchopa popanda ng'oma. Nkhuku imene inaphedwayo inali imodzi yokhayo ya pakhomopo, ndipo inali itangoyamba kuikira.

"Wafika wa mu ofesi!" anakuwa a Lilly.

A Esnat anadzuka ndi ndodo yawo, nkhope ikuwala mmene Queen anali asanaionere chiyambire kudwala kwawo. Bodza linali pafupi kwambiri. Akanangonena kuti ntchito iyamba mwezi wamawa, anthu akanadya nkhuku mwamtendere. A Jonas, amene anakhala pakhonde ndi wailesi yawo, anangoyang'ana mapazi amatope, nsapato zili m'manja, ndi dengu lili kumsana.

Queen anatula dengu n'kugwada pamaso pa mayi ake.

"Amayi, ndakunamizani m'mawa, ndipo nanenso ndapusitsidwa. Andilemba dzina lokha m'buku la kampeni. Ntchito kulibe. Ku shedi ndafika wezulo italira kale."

Amene anakweza mwendo kuti avine anautsitsa pang'onopang'ono.

"Nanga nkhukuyi?" anafunsa a Lilly, chipande chili m'manja.

A Esnat anakhala pansi mwapang'onopang'ono. "Malo aja ndakawabweza ndekha, ndi pakamwa pangapa, anthu onse akumva," anatero. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri Queen. "Zaka makumi awiri ndi ziwiri, Queen. Ndiye katunduyu tikamutula kuti?"

Nthawi yomweyo kunamveka kutsokomola kumpanda. Anali a Blackson, buku lili m'khwapa.

"Odi kuno! Ndamva kuti kuli nkhuku."

A Lilly anawapatsa mpando ndi madzi osamba m'manja, poti mlendo woitanidwa sabwezedwa. A kapitawo anamuyang'ana Queen ali chigwadire. Anadya kaye chiwindi, kenako anapukuta zala n'kutsegula buku.

"Mwana iwe, chisankho chino ndi chachisanu ine ndili kapitawo," anatero. "Nthawi ya kampeni iliyonse ndimataya anthu. Amapita ndi mataye m'mawa, madzulo amabwera ndi tisheti. Wina anasiya ntchito ya udalaivala wa thalakitala chifukwa anamulonjeza kuti akakhala kazembe. Lero akuwotcha chimanga pa Goliati. Ndiye kholo likabwera kwa ine nthawi ngati ino n'kunena kuti mwana wanga walembedwa, ine ndimafunsa mumtima kuti walembedwa pati. Chifukwa kulemba kulipo kuwiri. Kwina kumabwera ndi dengu, malipiro ndi nyumba. Kwina kumabwera ndi banzi."

Queen anayang'ana pansi. Banzilo linali likuonekera m'pulasitiki ya satifiketi.

A Blackson anatembenuza buku kuti onse aone. Mayina onse anali a inki. Koma pansi penipeni, pa mzere womaliza, panali dzina la Queen lolembedwa ndi pensulo.

"Inki ndi ya munthu amene ndamuona ndi maso," anatero. "Pensulo ndi ya amene akali kusochera."

A Esnat anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe. A Lilly anayambanso nthungululu, koma a kapitawo anakweza dzanja.

"Musafulumire, mayi. Nkhani siinathe."

Anatulutsa foni m'thumba la malaya. "A manijala amayang'ana bukuli ndisanalitseke, ndipo dzina la pensulo aliona. Ndikubwera kuno anditumizira chithunzi ichi. Chazungulira kale esiteti yonse."

Anthu anaunjikana kuti aone. Pa chithunzipo panali Queen, kutsogolo kwa gulu lonse, atavala bulauzi yoyera ya mayi ake, kukamwa kuli yasa akuimba. M'mwamba anakweza chikwangwani cha zilembo zofiira zikuluzikulu: SINDINAPHUNZIRE KUTI NDIKATHYOLE TIYI.

Aka kanali koyamba kuti Queen achiwerenge.

"A manijala akufunsa ngati uyu ndi Queen yemweyo wa pensulo," anapitiriza a Blackson. "Ati ukaonekere mu ofesi mwawo mawa 7 koloko, ukawafotokozere wekha chimene unaphunzirira."

"Ofesi unkaifuna ija ndi imeneyo," anatero a Jonas. "Wailowa tsiku lachiwiri lomwe."

Palibe anaseka kupatula a Lilly, amene anabisa nkhope m'chitenje.

A kapitawo anatseka buku n'kuimirira. "Ine mbali yanga ndachita. Pensulo ndi yanga, koma chofufutira chili ndi a manijala."

Atachoka, alendo nawo anayamba kubalalika mmodzimmodzi. A Esnat anakoka dengu lija n'kuliika pamiyendo. Malamba ake anali atatengera mapewa awo kwa zaka zonsezo. Anayamba kumasula mfundo ndi zala zawo zong'aluka ndi tiyi, n'kumafupikitsa lamba mmodzimmodzi.

"Tembenuka ndikuyese," anatero.

Queen anatembenuka. Dengu linakhala bwinobwino pamsana pake, ngati linkamudikira.

"Kaya akakufufuta, kaya sakakufufuta, zimenezo sindikudziwa," anatero mayi ake akumanga mfundo yomaliza. "Koma mawa mu ofesimo ukalowe utabereka limeneli. Bulauzi yanga usiye."